Mutu 5: Bolodi la Mababu

1. Thabwa la paini

Chaka chimenecho chisanu chinayamba msanga ku Dedza. Chinali chaka cha 1995, anthu atayamba kuzolowera kuona nsalu za zipani zosiyana zitayanikidwa pa chingwe chimodzi. M'mawa uliwonse nkhungu inkatsika m'Phiri la Dedza n'kukuta midzi ya m'munsi, ndipo ana asukulu ankayenda manja ali m'khwapa.

Mmodzi wa anawo anali Benedicta, mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya m'deralo. Kunyumba ankangomutcha Bene. Anali mwana wokonda kumasula zinthu. Tochi ikafa, wailesi ikayamba kulira ngati chule, anthu a pamudzipo ankadziwa khomo lopitako.

Kusukulu, Bene ndi mnzake wa m'kalasi, Themba, anali m'kalabu ya sayansi ya aphunzitsi awo, a Rafaelo. Teremu imeneyo awiriwa anapanga chinthu chimene sukulu yonse inkachikamba.

Linali bolodi la thabwa la paini. Pamwamba pa thabwalo anayala pepala lonyezimira la m'mapaketi a ndudu. Kenako anaikapo katoni yoboolaboola, n'kuyalanso pepala lina lonyezimira, n'kuphimba zonse ndi pulasitiki ya paketi ya shuga. Pamwamba penipeni anajambula mabokosi a zithunzi: nkhuku, kapu, njinga, khasu ndi zina. Munthu akadina bokosi ndi chala, mapepala awiri aja ankakhudzana kudzera pa bowo la katoni, moto wa mabatire n'kudutsa, ndipo babu la tochi la pamutu pa bokosilo linkayaka.

Cholinga chawo chinali chophunzitsira ana a Sitandade 1. Mphunzitsi anene kuti "nkhuku", mwana adine, babu liyake. Mapepala onyezimirawo anawatola mwezi wathunthu pamsika. Mabatire ndi mawaya anabwera nawo ndi Themba kuchokera ku golosale ya bambo ake. Mababu anali a sukulu, ndipo a Rafaelo anawauziratu kuti m'kabati simunatsale ngakhale limodzi.

Loweruka la sabata yotsatira kunali mpikisano wa sayansi wa masukulu onse ku boma. Sukulu yawo inali isanapambanepo. A Rafaelo ankati chaka chino mwayi ulipo.

2. Liwu limodzi

Bambo a Bene, a Kalisto, anali wocheka matabwa m'nkhalango ya paini ya m'phirimo. Kumapeto kwa dzinja nthambi inawagwera kumutu, chakumanzere. Anagona masiku angapo kuchipatala cha mishoni, n'kubwerako akuyenda okha, akuseka, akunena kuti mutu wawo ndi wolimba kuposa paini.

Patapita masabata, mutu unayamba kuwawa. Dzanja lamanja linayamba kugwetsa kapu. Mwendo unayamba kukokeka. Kenako mawu anayamba kuthawa, lero ili, mawa lina, mpaka pakamwa pawo panatsala liwu limodzi lokha: "Chabwino."

Ukawafunsa ngati adya, chabwino. Ukawafunsa ngati akumva kuwawa, chabwino. Kugwedeza mutu nakonso sikunkathandiza, chifukwa mutuwo unkanjenjemera, wina n'kumati avomera, wina n'kumati akana.

Anthu a pamudzi anagwirizana chimodzi, kuti a Kalisto mutu unasokonekera. Odzazonda ankakhala pakhonde n'kumakamba za iwo, eni ake ali pomwepo pampando, atafunda bulangete. Ena ankawalankhula mokuwa ngati ndi ogontha. Amayi a Bene, omwe ankagulitsa mbatata ya kachewere pamsika, ankawasamala bwino amuna awo, koma nawonso anasiya kuwafunsa zinthu. Ankangoganiza okha chimene odwalawo angafune.

Lamulungu masana, pobwera kutchalitchi, Bene anakhala pakhonde pafupi ndi mpando wa bambo ake akuyesa bolodi. Ankatchula yekha zithunzi n'kumadina. Atanena kuti "nkhuku", asanatambasule chala, dzanja lamanzere la a Kalisto linatuluka m'bulangete. Linanjenjemera, linasochera pang'ono, kenako linatera pa nkhuku. Babu linayaka.

Bene ananena motsitsa mawu kuti, "Kapu."

Chala chinapita pa kapu.

Mtsikanayo anathamangira m'nyumba. Anatenga pepala ndi makrayoni, najambula mabokosi atsopano. Lobiriwira analemba EYA, lofiira analemba AYI, mababu akenso n'kuwapaka mitundu yomweyo. Ena anajambula madzi, mutu wa munthu, wailesi, bulangete, bedi ndi chimbudzi. Anamata pepalalo pa bolodi n'kuitana amayi ake.

Tsiku limenelo banja linadziwa zambiri. Linadziwa kuti a Kalisto amamva chilichonse chimene chimakambidwa pakhondepo. Linadziwa kuti mutu umawawa kwambiri m'mawa. Linadziwa kuti akhala akufuna wailesi, koma anthu ankaizimitsa poganiza kuti ikuwasokosa.

Amayi anafunsa ngati phala la soya limene amawaphikira tsiku ndi tsiku amalikonda. A Kalisto anadina AYI, ndipo chala sanachichotse. Babu lofiira linangokhala chiyakire. Amayi anaseka mpaka anakhala pansi, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. A Kalisto nawonso anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Chinthu chimodzi chokha chinamuvuta Bene. Mabokosi a kumanja kwa bolodi, a bulangete, bedi ndi chimbudzi, bambo ake sankawadina. Ngakhale awatchulire, chala chinkangozungulira kumanzere n'kubwerera. Iye anaganiza kuti mbali imeneyo ndi yolimba. Anamasula, anapala katoni kuti ipyapyale, analumikizanso mawaya. Chala chake chikadina, mababu ankayaka bwinobwino. Koma bambo ake sanafikeko.

3. Nzeru ya Themba

Lolemba Bene anafotokozera Themba ndi a Rafaelo. Themba sanakhulupirire mpaka anapita kukaona yekha Lachitatu poweruka. Pobwerera, ali panjira, mnyamatayo sankatha kuyenda mwakachetechete.

Iye anati tsopano mpikisano apambana basi. Masukulu ena adzabwera ndi zoseweretsa, tiziphiri tophulika ndi tizigalimoto ta mawaya. Iwo adzabwera ndi munthu weniweni. A Kalisto akhale kutsogolo pampando, oweruza awafunse mafunso, mababu ayake, holo yonse iombe m'manja. Bambo ake a Themba anali ndi mnzawo wa matola, ndiye za ulendo sizikanavuta.

Bene anaona kuti nzeruyo ndi yabwino. Anthu omwe ankati bambo ake ndi osokonezeka akanaona okha. A Rafaelo atamva, anakanda chibwano n'kunena kuti nkhani imeneyo si ya sukulu, ndi ya kunyumba, ndipo akafunse akuluakulu.

4. Mawu a azakhali

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, kunabwera azakhali a Bene, a Dorika, mlongo wawo wa a Kalisto. Iwo anagwira ntchito ya unamwino pachipatala cha mishoni zaka zambiri, ndipo anapuma mawondo atayamba kuvuta. Anabwera ndi uthenga. Dokotala wodziwa za matenda a m'mutu, amene amachokera kuchipatala chachikulu mwa apo ndi apo, adzakhala pamishoni Loweruka m'mawa. Akadzachoka, kubweranso kwake ndi pakapita miyezi.

Bene anawapeza kuseri kwa nyumba akusankha nyemba, nawauza za mpikisano ndi nzeru ya Themba. A Dorika anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaika lichero pansi, namuuza kuti akhale.

"Bene, mwana wa achimwene, chinthu wapangachi ndi chabwino, ndipo ine ndanyadira. Koma ndimvere. Ine ndagwira ntchito m'mawodi kuyambira iwe usanabadwe. Ndaona alendo akubwera ndi makamera, akuvundukula odwala kuti aone chilonda, osapereka ndi moni womwe. Ndaona ophunzira atazungulira bedi, akukambirana za mwendo ngati mwendowo ulibe mwini wake. Sanali anthu oipa. Ambiri ankafuna kuthandiza. Koma wodwala ankatsala akuyang'ana kukhoma, ndipo amene tinkamufunditsanso tinali ife.

"Munthu akadwala amalandidwa zambiri. Amalandidwa ntchito, amalandidwa mphamvu, ena amamusambitsa, ena amamusankhira chakudya. Chimene chimatsala ndi ulemu wake. Bambo akowa anali munthu woimirira kutsogolo m'tchalitchi n'kuwerenga mawu. Lero uwakhazike pamaso pa ana a masukulu onse, chala chikunjenjemera, malovu akutsika, wina aseke kumbuyo. Iwe udzamva kuomba m'manja. Iwo adzamva kusekako.

"Sindikuti usawatenge. Ine si mwini wake wa thupilo, ndipo iwenso si mwini wake. Kale tikanati sitingawafunse chifukwa sayankha. Lero chifukwa chimenecho wachichotsa ndiwe. Ndiye pita ukawafunse. Ufunse bwino, osati mowakankhira ku yankho limene ukulifuna. Ndipo akakuyankha chimene sichikukomera, usakabwereze funsolo mpaka atatopa. Ambiri amachita zimenezo, n'kumati wodwala wavomera."

Atatero anatola lichero lawo n'kupitiriza kusankha nyemba.

Bene anatenga bolodi n'kukagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake. Anawafotokozera zonse mosabisa: za holo ya ku boma, za oweruza, za ana ambirimbiri, za dokotala wobwera tsiku lomwelo.

"Ababa, mukufuna kupita ku boma kuti anthu akakuoneni mukugwiritsa ntchito bolodili?"

"Chabwino," anatero a Kalisto. Koma chala chinapita pa bokosi lofiira. AYI.

Bene sanabwereze funsolo. Anafunsa ngati akufuna kukaonana ndi dokotala, ndipo babu lobiriwira linayaka. Anafunsa ngati akufuna kuti dokotalayo akamve kuchokera kwa iwo eni za mutu wawo. Linayakanso lobiriwira.

Kenako anafunsa funso lomaliza. Bolodi ndi limodzi. Kodi iye apite nalo ku mpikisano?

A Kalisto anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Chala chinanyamuka pang'onopang'ono n'kudina EYA.

A Dorika, omwe anali ataima pangodya ya nyumba, anati bambo ayankha ngati bambo. Zotsalazo ndi za Bene.

5. Bolodi ndi la awiri

Lachisanu m'mawa Bene anamudikira Themba pa geti la sukulu. Anamuuza kuti bambo ake akana kupita ku boma. Anamuuzanso kuti iye akufuna kupita ndi bolodi kuchipatala, chifukwa popanda ilo dokotala adzangomva "chabwino" pa funso lililonse.

Themba anakwiya. Anati mwezi wonse wakhala akutola mapepala m'matope a pamsika, anthu akumuseka kuti wayamba kusuta. Anati mabatire ndi mawaya ndi ake. Anati Bene sangangodzuka n'kulamula ngati bolodilo analipanga yekha.

Bene anavomera kuti zonsezo ndi zoona. Anati n'chifukwa chake sakulanda, akupempha. Themba akakana, bolodi lipita ku boma, ndipo iye sadzamusungira chakukhosi, koma adzaperekeza bambo ake kuchipatala chimanjamanja.

Mnyamatayo analowa m'kalasi, ndipo m'mawa wonse sanatembenuke. Pa nthawi yopuma, Bene anamuona ali mu ofesi ya a Rafaelo. Poweruka, Themba anabwera ndi mabatire awiri atsopano n'kuwaika pa desiki ya Bene. Anati akale aja afooka, angakazime pamaso pa dokotala n'kuwachititsa manyazi onse awiri. Iye apita ku boma ndi chithunzi cha bolodilo pa pepala lalikulu, akafotokoze pakamwa.

A Rafaelo anangouza Bene kuti akaonetsetse zonse zimene dokotala akachite, chifukwa Lolemba adzafotokozera kalabu.

6. Kwa Dokotala Alile

Loweruka anadzuka nkhungu isanachoke. A Kalisto anawakweza pa ngolo ya aneba, atawafunditsa mabulangete awiri. A Dorika anakhala pambali pawo. Amayi ndi Bene anayenda pansi, bolodi litakulungidwa m'chitenje.

Pachipatala anthu anali ambiri. Dzuwa linali litakwera pamene dzina la a Kalisto linaitanidwa.

Dokotala Alile anali mayi wamfupi, wa magalasi, wovala juzi pansi pa khoti loyera. Anapereka moni kwa a Kalisto poyamba, kenako kwa ena onse. Anamva mbiri ya ngoziyo kwa a Dorika, anaunika m'maso mwa wodwalayo ndi katochi, anawagwira manja onse awiri kuti afinye zala zake. Atafunsa ngati mutu ukuwawa, yankho linali lomwe lija.

Apo Bene anapempha mwaulemu kuti aonetse chimene wabwera nacho. Anamasula chitenje n'kuika bolodi pa miyendo ya bambo ake. Dokotala analitembenuza, anayang'ana mawaya kunsi, anadina bokosi limodzi, babu n'kuyaka. Anafunsa amene anapanga. Bene anati iye ndi mnzake Themba.

Dokotala anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi a Kalisto. Anayamba ndi mafunso osavuta. Kodi dzina lanu ndi Kalisto? Kodi ndinu mkazi? Kodi kuno ndi kumsika? Mayankho onse anali olondola. Kenako anafunsa ovutirapo. Kodi mwala umayandama pamadzi? Kodi munthu amavala nsapato asanavale sokosi? Pa funso limeneli a Kalisto anadina AYI n'kumuyang'ana dokotalayo ngati akumufunsa ngati iye amatero. Onse m'chipindamo anaseka.

Dokotala atatchula bulangete, chala chinazungulira kumanzere n'kubwerera. Bene anafulumira kupepesa. Anati mbali ya kumanjayo ili ndi vuto, wayesa kuikonza koma yakanika.

Dokotala Alile anakankhira bolodi lonse kumanzere kwa a Kalisto, n'kutchulanso bulangete. Chala chinapita molunjika, babu linayaka. Anatchula bedi, linayakanso. Anabwezera bolodi pakati, ndipo mabokosi aja anawasowanso.

"Bolodi lako lilibe vuto, Benedicta," anatero dokotala. "Latiuza chinthu chimene bambo ako sakanatha kutiuza. Zinthu za kumanja kwawo sakuziona."

Anatenga pepala n'kujambula mutu wa munthu. Anafotokoza akuyang'ana a Kalisto, osati ena. Anati ubongo uli ndi mbali ziwiri, ndipo mbali ya kumanzere ndi imene imayendetsa dzanja ndi mwendo wa kumanja. Mbali yomweyo ndi imene imaona zinthu za kumanja, ndipo mwa anthu ambiri ndi imenenso imapanga mawu. Dzanja, mwendo, maso ndi pakamwa, zonse zikuloza malo amodzi, pomwe nthambi inamenya. Koma kumva ndi kuganiza zilipo. Iye akuganiza kuti magazi akhala akudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, ndipo tsopano akupanikiza ubongo. Ngati ndi choncho, madokotala a opaleshoni kuchipatala chachikulu angathe kuwachotsa. Sanalonjeze kuti mawu onse adzabwerera. Anati mwayi ulipo, ndipo si wochepa, koma opaleshoni iliyonse ili ndi chiopsezo chake, ndipo anazitchula zoopsazo chimodzichimodzi.

Amayi anayamba kunena kuti iwo avomera. Dokotala anawapempha kuti adikire kaye. Anasendeza bolodi kumanzere kwa a Kalisto.

"Bambo, mutuwu ndi wanu. Mwamva zonse zimene ndanena?"

Babu lobiriwira linayaka.

"Mukulola kuti tikutumizeni kukaonedwa, ndipo akapeza magaziwo, akakuchiteni opaleshoni?"

A Kalisto anayang'ana akazi awo, anayang'ana mlongo wawo. Kenako anadina EYA, mwamphamvu, mpaka pulasitiki inalira.

Pamene namwino ankathandiza a Kalisto kuvala jekete, dokotala anamuitana Bene pambali. Anamuuza kuti kumene iye anakaphunzira, kunja, kuli makina aakulu amene munthu amalowamo chogona, n'kumajambula ubongo. Akatswiri ayamba kuwagwiritsa ntchito poona mbali imene ikugwira ntchito munthu akamawerenga kapena kusuntha chala. Kulinso maopaleshoni ena amene wodwala amakhala ali maso, akutchula zithunzi, kuti dokotala adziwe malo a mawu n'kuwalambalala.

Bene anafunsa ngati m'makinamo munthu angalowe ndi bolodi ngati lake. Dokotala anaseka n'kuloza misomali ya m'mbali mwa thabwa ndi mabatire. Anati makinawo ali ndi maginito amphamvu kwambiri, oti akhoza kuzula misomali yonseyo. Chinthu cholowa m'menemo chiyenera kukhala chopanda chitsulo chokokedwa ndi maginito. Anati iye sanaonepo bolodi lotero loti munthu n'kulembapo kapena kujambulapo ali mkati, koma wina adzalipanga, ndipo sakuona chifukwa choti winayo asachokere ku Dedza.

Kenako anamupatsa ntchito. Anati bolodi lipite nawo kuchipatala chachikulu, kuti akawayese bambo ake opaleshoni isanachitike ndiponso itachitika, aone ngati chala chayamba kufika kumanja. Ndipo ngati angathe, apange lina lokulirapo, la zilembo, chifukwa munthu sangakhale ndi EYA ndi AYI yekha.

7. Thabwa lachiwiri

Anafika kunyumba chakumadzulo. Amayi anawotcha kachewere pa mbaula, anthu n'kumadya pakhonde, wailesi ikulira pafupi ndi khutu la a Kalisto.

Themba anatulukira dzuwa litapendeka, yunifolomu ili fumbi lokhalokha, pepala lake lalikulu litapindidwa m'khwapa. Anati sanapambane. Inapambana sukulu ina imene inabwera ndi chitofu chophikira dzuwa. Oweruza anamvetsera bwino, koma anati chithunzi sichiyaka. Anazinena akuseka, ndipo anafunsa msanga za kuchipatala.

Bene anamufotokozera zonse, za mbali ya kumanja imene iwo ankaiyesa yowonongeka, za maginito, za bolodi la zilembo. Themba anawerenga zilembo ndi zala n'kunena kuti mababu ochuluka choncho sangawapeze. Anakangana pang'ono, kenako anagwirizana kuti zilembo ziikidwe m'mizere, babu limodzi pa mzere uliwonse wopingasa, lina pa mzere uliwonse wotsika. Chotsala chinali thabwa.

Kuseri kwa nyumba kunali matabwa amene a Kalisto anasunga asanavulale. Themba anasankha limodzi lalikulu n'kubwera nalo pakhonde. A Kalisto anatambasula dzanja lamanzere, analisisita, chala chinaima pa mfundo ya pakati. Anadina AYI. Themba anabweretsa lina. A Kalisto analinyamula mbali imodzi, analiyang'ana m'litali mwake ndi diso limodzi, anaona kuti ndi lopindika. AYI. Thabwa lachitatu analigogoda ndi chala, anamvetsera, analinunkhiza. Babu lobiriwira linayaka.

A Dorika anati achimwene awo abwerera pa ntchito, ndipo Themba asayembekeze kuti kapitawo ameneyu ndi wofewa.

Ali mkati mopala thabwalo, panafika namwino wa pamishoni pa njinga, akupita kwawo. Dokotala Alile anamutuma. Galimoto ya chipatala inyamuka Lachitatu m'mawa, ndipo malo a a Kalisto apezeka. Koma odwala ndi ambiri, choncho aliyense aloledwa womudikirira mmodzi yekha. Dokotala wapempha kuti akhale munthu wodziwa kukonza bolodi likavuta.

Amayi anayang'ana a Dorika. A Dorika anayang'ana mawondo awo. Onse anaona kuti woyenera kupita ndi Bene. Themba anasiya kupala, chifukwa iye ndi Bene ankadziwa chimene akuluakuluwo sanachikumbukire. Lachitatu lomwelo ndi limene mayeso opitira ku Fomu 4 amayamba, ndipo ahedi a pasukulu yawo anali asanalolepo mwana aliyense kulemba tsiku lina.

Bene anawauza. 

Anapukuta utuchi m'manja, nafunsa Themba ngati akudziwa kumene ahedi amapemphera. Themba anati ku tchalitchi cha bambo ake, ndipo amakhala benchi ya kutsogolo.

"Ndiye mawa ndipemphera kwanu, ndikawapemphe," anatero Bene. "Gwira thabwali, lisasunthe."